Mayi Magiya Anasankha Ndowa

Achemwali anga aakulu ayendetsa basi ya kampani imodzimodzi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa depoti palibe amene amawatchula dzina la pa chiphaso. Onse, kuyambira alonda a pageti mpaka bwana wa mu ofesi, amati Mayi Magiya. Dzinali linabadwa tsiku limene ankawayesa kuyendetsa. Makaniko wina wachikulire, amene sankafuna kumva zoti mkazi angagwire chiwongolero, anaika kapu yodzadza tiyi pamwamba pa injini. Achemwali anazungulira depoti yonse, kusintha magiya kuyambira loyamba mpaka lomaliza, tiyi osatayika ngakhale dontho. Ataimitsa basi anatenga kapuyo n'kumwa tiyiyo okha.

Sanayambire pa chiwongolero. Analowa pa depotipo ali mtsikana, ntchito yawo ili yotsuka mabasi, ndipo anatsuka zaka zisanu ndi chimodzi atavala jombo zazikulu zoti mapazi onse awiri akanakwana m'imodzi. Kuyendetsa anaphunzirira pomwepo, posuntha mabasi kuchoka potsukira kupita poimika madalaivala akapita kukadya.

Ine ndine mng'ono wawo, ndimasoka zovala m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Yunifolomu yawo ndimawakonzera ndine, kotero mbiri ya thupi lawo ndinkaidziwa adokotala asanaidziwe. Chaka chilichonse ndinkamasula msoko wa siketi, mpaka nsalu yopindira mkati inatha, ndinayamba kuwonjezera tizidutswa m'mbali. Ndikati ndinenepo, ankandidula pakamwa.

"Iwe soka basi. Kuwonda ndinawonda kale tili ana, ndipo sindinachite kufuna. Pano ndisiye ndidye thukuta langa."

Ankadyadi. M'mawa tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi buledi wopaka majarini mbali zonse. Basi ikafika kumapeto kwa ulendo, tchipisi ndi soseji. Pambali pa mpando sipankasowa botolo la chakumwa chotsekemera. Maola asanu ndi anayi ali chikhalire, chimene chinkayenda ndi manja ndi phazi la pa buleki. Akafika kunyumba n'kudya, ankagona pa sofa n'kuyamba mkonono woti aneba ankaudziwa.

Zinthu zinasintha chaka chimene dalaivala mnzawo, amene ankamutcha Wamtali, anagwa akutsika basi pa depoti, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Inali sitiroko. Kampani inachita mantha, poganiza kuti zikanamuchitikira ali pamsewu ndi anthu makumi asanu ndi limodzi kumbuyo. Inalamula kuti madalaivala onse akayezedwe ku chipatala.

Tsiku lokamva zotsatira ndinawaperekeza. Adokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, woyankhula mosathamanga. Anatembenuza pepala kuti tizionera limodzi.

"Bipi yanu ndi 168 pa 104. M'chiuno ndi masentimita 112. Shuga wa m'mawa musanadye ndi 6.6, kutanthauza kuti wafika pakhonde koma sanalowe m'nyumba. Akafika 7 timati ndi matenda a shuga. Mafuta a m'magazi, oipa akwera, abwino amene amasesa m'mitsempha atsika."

"Ndiye matenda anayi nthawi imodzi?" anatero achemwali. "Mukundipatsa ngati bonasi?"

"Si anayi, mayi. Ndi gulu limodzi, limayendera pamodzi, ndipo mtsogoleri wake ndi uyu." Adokotala analoza pamimba pawo ndi cholembera. "Mafuta a m'ntchafu ndi m'mikono savuta kwambiri. Koma awa amakhala mkati, atakuta chiwindi ndi matumbo, ndipo sakhala chete. Amagonthetsa thupi. Mukadya, chakudya chimasanduka shuga m'magazi. Kapamba amatulutsa inshulini kuti akagogode pa minofu, shugayo alowe akagwire ntchito. Kwa inu inshulini akugogoda koma minofu ikuchedwa kutsegula."

"Ngati anthu adzadza pa siteji chitseko cha basi chikukana."

"Eya, choncho. Ndiye kapamba akuwonjezera inshulini, akugwira ntchito usana ndi usiku, tsiku lina adzatopa. Panopa shuga wotsalayo chiwindi chikumusandutsa mafuta, impso zikusunga mchere ndi madzi, mitsempha ikulimba, mtima ukupopa mokakamiza."

"Koma ine sindikumva kupweteka paliponse."

"N'chifukwa chake ndikuda nkhawa. Chikanakhala chopweteka mukanabwera kalekale."

Achemwali anapinda manja pachifuwa. "Adokotala, inu munayamba mwanyamulapo tayala la basi? Ine ndimanyamula. Munthu wodwala sanyamula tayala."

"Wamtali naye ankanyamula," anatero adokotala, akulemba mankhwala a bipi. Anawauza zoti azichita: kuyenda mpaka thukuta theka la ola tsiku lililonse, kuchepetsa mchere, kusiya zakumwa zotsekemera, theka la mbale likhale masamba. Anati safunika kukhala ngati mtsikana wa pa kalendala, makilo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu okha akhoza kusintha manambala onse. Kenako analemba kalata ya ku kampani yoti asayendetse anthu mpaka bipi itatsika.

Titafika pa siteji achemwali anagula chakumwa chija n'kumwa chonse akundiyang'ana m'maso.

Lolemba bwana wa depoti anawaitanira mu ofesi. Nkhani ya m'menemo anandifotokozera okha, kenaka mlembi wa bwanayo anadzandibwerezera akubweretsa diresi, ndipo sizinasiyane. Bwana anawapatsa mpando, nawayamikira chifukwa cha zaka zonse osachitapo ngozi, kenaka anati awapezera malo abwino pa windo logulitsira matikiti. Pali fani, pali mpando wa khushoni.

"Kwa nthawi yaitali bwanji?" anafunsa achemwali.

"Tiyambe ndi miyezi itatu. Koma kunena zoona, mayi, pa msinkhu wanuwu zinthu izi sizibwerera m'mbuyo. Mudzazolowera."

"Bwana, chandidwalitsa ndi mpando. Ndiye mukundichotsa pa mpando woyenda kukandiika pa mpando wosayenda?"

"Nanga mukufuna ndikuikeni kuti?"

"Ndibwezereni ku ndowa."

Bwana anaseka mpaka anavula magalasi. Atawona kuti iwo sakuseka, anati, "Mayi Magiya, dalaivala wamkulu kumatsuka mabasi? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ananena kale tsiku limene ndinakwera pa chiwongolero. Pakamwa pawo sipanathe, anene kachiwiri. Koma mulembe pa pepala kuti adokotala akadzati bipi yatsika, basi yanga ndi yanga."

Bwana analemba, poganiza kuti sabata siitha asanabwere kudzapempha windo lija.

Kunyumba nkhondo inali ina. Alamu anga, amuna awo, ndi owotcherera zitsulo, munthu wofatsa koma wokonda ulemu wa pamsewu. Atamva za ndowa anati, "Mayi a ana, ine anzanga amandidziwa kuti ndine mwamuna wa dalaivala."

"Ndiye mukufuna azikudziwani kuti ndinu mwamuna wa malemu dalaivala?"

Za ndowa anagonja, koma za mchere ayi. Atalawa ndiwo tsiku loyamba anafunsa ngati m'nyumbamo mwagwa chilango chimene iwo sanauzidwe. Anagula kabotolo kawo ka mchere, ankakasunga m'thumba la ovolosi, n'kumathira m'mbale mwawo mobisa ngati mwana wakuba shuga. Achemwali ankawaona koma ankangoti, "Thirani, bambo. Adokotala aja ali ndi mapepala ambiri, lanu likudikira."

Ntchito yotsuka inawalandira mwankhanza. Thupi limene linkakwera makwerero ngati mphaka zaka makumi awiri zapitazo tsopano linkapuma katatu lisanafike pa denga la basi. Burashi ya mtengo wautali inawatupitsa matuza m'manja. Kukolopa pansi pa mipando, kupala chingamu, kutsuka pamene mwana wasanza, zonse chowerama, mimba ikutsekereza mpweya. Sabata yoyamba ankafika kwanga madzulo n'kukhala pa mulu wa nsalu atatheratu. Ndinawauza kuti windo lija silinali tchimo.

"Ukanenanso zimenezo ndikasoketsa kwina," anatero.

Madalaivala anzawo ena ankawamvera chisoni, ena ankawaseka. Amene anapatsidwa basi yawo, mkulu wina wotchedwa Chipewa, ankaimika potsukira n'kuliza hutala. "Mayi Magiya, galasi lakumanzere silinayere!"

"Galasi layera," ankayankha osatembenuka. "Mafuta ali m'maso mwakomo. Kayezetse."

Patatha masabata awiri ndinapita kwawo kukatenga siketi, ndipo pofuna singano pamwamba pa kabati ndinapeza mankhwala a bipi aja, paketi yosatsegula.

"Achemwali, izi n'chiyani?"

"Ndikutsitsa ndekha. Sindikufuna kukhala kapolo wa mapilisi moyo wanga wonse. Ukayamba sulekanso."

"Nanga amayi ankati chiyani?"

Ndinadziwa kuti ndaponda pachilonda. Mayi athu anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, akuchapa. Anagona zaka zinayi osayankhula, ndipo amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa ndi sipuni anali achemwali omwewa. Asanagwe, mankhwala awo a bipi tinkawapeza m'chitini cha mabatani osamwedwa.

"Ankati sakumva kupweteka paliponse," ndinadziyankha ndekha. "Inu muli ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine msana wanga ndi wa pa makina, sindidzatha kukutembenuzani."

Anandithamangitsa m'nyumbamo, siketi n'kundiponyera pakhonde. M'mawa mwake pa foni panga panalowa chithunzi cha paketi ija, pilisi limodzi litachoka. Panalibe mawu. Tsiku lotsatira chinalowa china, awiri atachoka. Anatumiza choncho mwezi wathunthu osandiyankhula za nkhaniyo.

Atayamba chinthu achemwali sachita mwatheka. Popita kuntchito ankatsika masiteji atatu asanafike n'kumalizitsa wapansi. Shuga wa mu tiyi anachoka pa masipuni anayi kufika pa awiri, kenaka imodzi, kenaka anati tiyi wopanda shuga ndi chipongwe, bola madzi. Nkhomaliro ankanyamula m'kontena: nyemba, masamba, kampunga pang'ono, nthawi zina dzira. Sikuti zinali zophweka. Anandiululira kuti pali bekale ina panjira imene ankaima pakhomo pake kungonunkhiza, mpaka mwini wake anayamba kuwakayikira. Lamlungu lina, pa tsiku lobadwa la mwana wawo womaliza, anadya keke magawo anayi, n'kubwera kwanga atakwiya ngati ndawadyetsa ndine.

"Ndawononga zonse."

"Mwawononga keke basi," ndinatero. Lolemba anadzuka n'kupita ku ndowa.

Thupi litayamba kutsika, pakamwa pa anthu panayamba kukwera. Mkazi wachotsedwa pa basi, akutsuka, akuwonda, akumwa mapilisi m'mawa uliwonse: aliyense anawonkhetsa yekha. Azakhali athu anachita kukwera basi ziwiri kudzawaona. Anakhala pa sofa, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, ife ndi makolo ako. Masiku ano si zobisa. Ngati bambowa anakubweretsera kanthu, nena."

Alamu anali pakhomo akukonza njinga, ndipo sipanala inagwa.

Achemwali sanakalipe. Anakatenga kabuku kawo ka kuchipatala, anakhala pafupi ndi azakhali n'kuwawerengera tsamba ndi tsamba, nambala iliyonse, ngati akuwerenga uthenga wa pa wailesi. Atamaliza anati, "Matenda amene mukuganizawo ndikanakhala nawo ndikanamwa mankhwala ake poyera, si ochititsa manyazi. Koma anga ndi awa. Ndi amene anatenga amayi athu. Zaka zonse ndikufufuma munkati ndikusungidwa bwino. Palibe anakwera basi ziwiri kudzandifunsa." Kenako anandiuza kuti nditulutse tepi yanga ndiwayeze azakhaliwo m'chiuno. Azakhali anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya zovala padzuwa.

Miyezi itatu itakwana anabwerera kwa adokotala. Makilo asanu ndi awiri anali atapita. M'chiuno 104. Shuga 5.9. Mafuta a m'magazi atsikako. Koma bipi inali 150 pa 95, ndipo kampani inkafuna yosafika 140 pa 90. Anawayeza katatu, mkono uwu ndi uwu, nambala osasuntha.

"Makina anuwa ndi abodza," anatero achemwali, koma mawu awo anali atachepa.

"Makina ali bwino, inunso mwachita bwino kuposa odwala anga ambiri," anatero adokotala. "Koma mbali ina ya bipi ndi ya kumtundu. Imeneyo siimva thukuta lokha. Ndikuwonjezerani pilisi lachiwiri, tionane pakatha masabata asanu ndi limodzi."

Bwana atalandira kalata ya adokotala anawaitananso. Ulendo uno sanaseke. Anati mwayesetsa mayi, aliyense waona, palibe angakunyozeni, windo lija likadalipo. Achemwali anatulutsa pepala lija m'thumba la ovolosi, litanyowa m'makona.

"Apa munalemba kuti adokotala akadzati yatsika. Simunalembe kuti bwana akadzatopa kudikira."

Anabwerera ku ndowa. Inali nyengo yozizira, madzi a m'paipi ankaluma zala. Pilisi latsopanolo linawatupitsa akakolo masabata oyamba, jombo zinkavuta kuvula, ndipo alamu ndi amene ankawakoka madzulo, achemwali atagwira chitseko. Ndi masiku amenewo pamene kabotolo ka mchere kanasowa m'thumba la alamu.

Pa sabata lachisanu ndi chimodzi makina anati 132 pa 84. Achemwali anauza adokotala kuti ayezenso, kuti pasadzakhale wonena kuti zinangochitika mwangozi. Anayezanso. Achemwali anatenga kalata ya adokotala osaipinda, anayenda wapansi mpaka ku depoti, n'kukaiika pa tebulo la bwana pamwamba pa nyuzipepala imene ankawerenga.

Tsiku lobwerera pa basi ndinakwera nawo dala. Siketi ndinali nditaichotsa tizidutswa tonse tija n'kubweza msoko. Atakhala pa mpando anausuntha kupita kutsogolo, chifukwa mimba sinkafikanso pa chiwongolero. Anaponda kilatchi kawiri n'kutulutsa mutu pa windo.

"Chipewa! Kilatchi iyi umaiponda ndi phazi kapena ndi nyundo?"

Okwera akale anawaombera m'manja. Gogo wina wa pa siteji yachitatu anawapatsa botolo la chakumwa chotsekemera ngati mphatso. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kupatsa kondakitala.

Kumapeto kwa ulendo basi imaima mphindi makumi awiri. Kale imeneyo inali nthawi ya tchipisi. Tsopano ankatsika n'kuzungulira bwalo la mpira lili pafupi, kawiri, atavala yunifolomu, makiyi akulira m'thumba. Ogulitsa malonda ankawakuwiza kuti mayi mwataya chiyani, tikuthandizeni kufuna. Iwo ankangokweza dzanja n'kupitirira.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma thupi silisainirana pangano ndi munthu. Patapita zaka zitatu, makilo awiri okha atabwerera, akuyendabe, akudyabe za m'kontena, shuga wa m'mawa anapezeka 7.4. Anawayezanso sabata lotsatira, 7.3. Tsiku limenelo ndinali nawonso. Achemwali anayang'anitsitsa pepalalo.

"Ndiye zonse zija zinali zachabe," anatero. "Ndalephera."

"Mukanapitiriza mmene munkachitira, bwenzi shugayu atalowa kalekale, ndipo mwina bwenzi tikukamba za impso kapena maso," anatero adokotala. "Impso zanu zili bwino. Maso ali bwino. Mtima uli bwino. Kapamba watopa pang'ono, akufuna womuthandiza. Pali pilisi lomwera pa chakudya, limathandiza minofu kumva inshulini. Masiku oyamba likhoza kukusokonezani m'mimba."

"Limaletsa kuyendetsa?"

"Ili ayi."

"Mulemba zimenezo m'kalata? Mwa zilembo zikuluzikulu, bwana wathu maso ake amasankha zowerenga."

"Ndilemba."

Achemwali anapukuta kumaso ndi chikhatho, kamodzi, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndiye lembani msanga, adokotala. Basi yanga inyamuka thu koloko."